Buku la Rebmann, Mawu a Salimini

M'chaka cha 1877, ku St. Chrischona pafupi ndi mzinda wa Basel m'dziko la Switzerland, kudasindikizidwa buku lotchedwa Dictionary of the Kiniassa Language. Pachikuto pake padalembedwa mayina a Azungu awiri: Johannes Rebmann amene adalilemba, ndi Ludwig Krapf amene adalikonza kuti lisindikizidwe. Chiyankhulo chimene chikutchedwa Kiniassa m'dzina la bukuli si china ayi koma Chichewa kapena Chinyanja, ndipo akatswiri amavomereza kuti limeneli ndilo buku loyamba kusonkhanitsa mawu ochuluka a chiyankhulochi pamodzi ndi matanthauzo ake. Chodabwitsa n'chakuti mlembi wake sadapondepo phazi m'dziko la Achewa, ndipo nyanja imene bukuli lidatengerako dzina sadaione ndi maso. Pafupifupi mawu onse adawatola pakamwa pa munthu mmodzi, kapolo wotchedwa Salimini. Choncho wofuna kuweruza bukuli mwachilungamo ayenera kuliona ngati ntchito ya anthu awiri, ndipo ayenera kusiyanitsa zimene zidachokera pakamwa pa mwini chiyankhulo ndi zimene zidalowerera kudzera m'khutu ndi m'cholembera cha mlendo.

Anthu awiri ku Kisulutini

Rebmann adali Mjeremani, ndipo adabadwa mu 1820 ku Gerlingen, kumwera kwa dziko la Germany. Adatumidwa ndi bungwe la Church Missionary Society nafika ku Mombasa mu 1846, komwe adagwira ntchito pamodzi ndi Krapf m'dera la Rabai. Mbiri imamkumbukira kwambiri chifukwa chakuti mu 1848 adakhala Mzungu woyamba kuona phiri la Kilimanjaro. Komabe ntchito imene idamdyera zaka zambiri idali yophunzira ziyankhulo ndi kulemba mawu ake m'mabuku.

Salimini adachokera kumalo otchedwa Mphande, amene ofufuza amati adali m'chigawo cha Lilongwe. Adagwidwa ukapolo zaka pafupifupi khumi asadakumane ndi Rebmann, m'nyengo imene anthu ambiri a kumtunda ankawolotsedwa nyanja ndi kuyendetsedwa ulendo wa miyezi kupita kumadoko onga Kilwa, komwe ankagulitsidwa. Dzina lakuti Salimini ndi la Chiswahili, dzina la kuukapolo. Anthu awiriwa adakumana pamalo a mishoni ku Kisulutini, ndipo kuyambira mu 1853 wina ankafunsa ndi kulemba, wina nkumayankha ndi kulongosola. Pa nthawiyo David Livingstone adali asadafike kunyanja ya Malawi, pakuti iye adafikako mu 1859. Izi zikutanthauza kuti Chichewa chidalowa m'buku kutali ndi kwawo, m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo amene adachifikitsa kumeneko adali munthu wobedwa pamudzi pake.

Mphamvu za bukuli

Mphamvu yoyamba ya bukuli ili pa ukale wake. Chiyankhulo chimasintha pang'onopang'ono monga mwana amene akukula pakhomo: okhala naye saona kuti watalika mpaka atayesa malaya ake akale. Buku la Rebmann lili ngati malaya akalewo. Pamene anthu lero amati zaka ziwiri, Salimini ankati bzaka bziwiri. Mu 1854 mmishonale wina, Sigismund Koelle, adasindikiza buku la Polyglotta Africana, momwe adalembamo mawu a ziyankhulo zoposa 100 kuchokera kwa akapolo omasulidwa ku Freetown m'dziko la Sierra Leone. Mmodzi mwa iwo adali Mateke, amene ankayankhula Chimaravi cha kumwera, ndipo iye ankati dzaka dziwiri. Kuyika pamodzi mawu a Salimini, a Mateke ndi a lero kumaonetsa njira imene chiyankhulo chadzera. Kumathandizanso kumvetsa chifukwa chake mpaka pano ena amati kubzala, ena kudzala ndipo enanso kubyala, pamene onsewo akunena ntchito imodzimodzi ya m'munda. Popanda mabuku akale ngati amenewa, wophunzira akadangoganiza kuti mmodzi mwa anthu atatuwa ndi wolakwa.

Mphamvu yachiwiri ndi yakuti bukuli silibisa kusiyana kwa kayankhulidwe ka madera. Salimini ankadziwa kuti kuyankhula kwa kwawo, kumene kudatchedwa Kikamtunda, ndiko kuti chiyankhulo cha anthu a kumtunda, kudali kosiyana ndi kwa Amaravi a cha kumwera. Adalongosola, mwachitsanzo, kuti mtengo umene iye ankautcha kamphoni Amaravi ankautcha mombo. Apa pakuoneka nzeru za munthu amene sankangotchula mawu ngati chinkhwe, koma ankachidziwa chiyankhulo chake ndi malire ake. Pakuonekanso kudekha kwa Rebmann, amene adalemba mawu onse awiri m'malo mosankhapo amodzi ndi kutaya enawo. Umboni umenewu ndi wofunika kwa onse amene amakangana za Chichewa chenicheni, chifukwa ukusonyeza kuti ngakhale sukulu, nyuzipepala ndi wailesi zisadabwere, chiyankhulochi chidali kale ndi nthambi zingapo pa tsinde limodzi.

Mphamvu yachitatu ili pa kuya kwa zolembedwamo. Bukuli si mndandanda chabe wa mawu. Muli ziganizo zosonyeza kagwiritsidwe ntchito ka mawuwo, miyambi, mayina a mitengo ndi nyama, ndiponso mayina a mitsinje, mapiri ndi midzi. Mayina a malowa ndiwo athandiza ofufuza a masiku ano, monga Andrew Goodson, kulondola dera limene Salimini adachokera. N'kothandiza kuyerekeza bukuli ndi ntchito ina imene Rebmann adatengapo mbali. Mu 1855 iye ndi mnzake Jakob Erhardt adatulutsa mapu a pakati pa Africa, amene adawajambula potsata nkhani za amalonda a m'maulendo. Mapuwo adaphatikiza nyanja zingapo kukhala chinyanja chimodzi chachikulu, ndipo patangopita zaka zochepa adapezeka kuti ngolakwika. Mtanthauziramawuyo, mosiyana ndi mapuwo, udakali ndi phindu mpaka lero. Kusiyana kwake n'kwakuti mapu adamangidwa pa nkhani za m'maluwa, pamene bukuli lidamangidwa pa mawu a munthu amene adayamwa chiyankhulocho ndi bere la mayi ake.

Zofooka za bukuli

Chofooka choyamba, chimene wowerenga amakumana nacho atangotsegula bukuli, ndi kalembedwe. Anthu a kumwera kwa Germany sasiyanitsa kwenikweni p ndi b, t ndi d, kapena k ndi g monga achitira Achewa, ndipo khutu la Rebmann lidaleredwa kumeneko. N'chifukwa chake anthu a kumtunda adawalemba kuti Wakamdunda, kuyika d pamene payenera t. Kwa mlendo kameneka ndi kanthu kakang'ono, koma m'Chichewa malembo amenewa amanyamula tanthauzo. Kupala ubwenzi si kubala mwana, kutula katundu si kudula chingwe, ndipo kukula msinkhu si kugula mchere. Mtanthauziramawu wosokoneza malembo oterewa umasokonezanso malo a mawu m'ndandanda, mwakuti wofufuza mawu oyamba ndi t amayenera kukawasakanso pakati pa mawu oyamba ndi d. Mwini chiyankhulo amatha kulota chimene mlembi ankafuna kunena, koma mlendo wofuna kuphunzira kuchokera m'bukuli, amene bukuli lidalembedwera, akadatuluka ndi katchulidwe koseketsa ana.

Chofooka chachiwiri n'chakuti tanthauzo la liwu lililonse lidayenda ulendo wautali lisadafike papepala. Rebmann ndi Salimini ankamvana kudzera m'Chiswahili, chimene sichidali chiyankhulo cha makolo a aliyense wa iwo. Kenaka Rebmann, amene adakulira m'Chijeremani, ankalemba tanthauzolo m'Chingerezi. Chiswahili chidasiya chizindikiro chake ngakhale pa dzina la bukuli, pakuti phatikizo la Ki- m'dzina lakuti Kiniassa ndi la Chiswahili, loimira Chi- wa Chichewa. Madzi otungidwa m'chitsime ndi kuthiridwa m'mitsuko itatu motsatizana safika onse kunyumba. Mawu otchula zinthu zooneka, monga khasu kapena mbuzi, amapirira ulendo wotere. Koma mawu a chikhalidwe, onga mbumba, nkhoswe ndi chikamwini, amafuna munthu amene wakhalapo pabwalo la milandu ndi kuona momwe ukwati umamangidwira. Wowerenga ayenera kuwatenga mosamala matanthauzo a mawu a mtundu umenewu m'buku lililonse lolembedwa motere.

Chofooka chachitatu ndi kudalira munthu mmodzi. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo chiyankhulo ndi denga lalikulu kuposa la nyumba iliyonse. Salimini adali mwamuna wa kumtunda amene adakhala zaka khumi pakati pa anthu oyankhula zina. Mwamuna sadziwa mawu onse a kutsimba kwa anamwali kapena a amayi oumba mbiya, ndipo mlimi wa kumtunda sadziwa mayina onse a mphepo, maukonde ndi nsomba monga msodzi wa ku Nkhotakota. Palinso nkhani ya malo ake pamaso pa womufunsa. Kapolo amayankha zimene wafunsidwa, ndipo si chapafupi kwa iye kuuza Mzungu wophunzira kuti walemba molakwa. Mafunsowo adali a Rebmann, choncho bukuli likusunga Chichewa chimene mmishonale adaona kuti n'chofunika kufunsa. Ichi si chifukwa chonyozera Salimini. N'chodabwitsa ndithu kuti munthu mmodzi, atalekana ndi abale ake nthawi yaitali chotero, adasungabe chuma chochuluka m'mutu mwake.

Chofooka chachinayi chidachokera ku zipangizo za nthawiyo. M'Chichewa kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika amalembedwa mofanana koma satchulidwa mofanana, ndipo chimodzimodzinso khungu la pathupi ndi khungu la maso. Cholembera ndi pepala sizigwira zimenezi pokhapokha mlembi atayikapo zizindikiro zapadera, ndipo buku loyamba kuchita zimenezi mwadongosolo lidatuluka mu 1937. Pamenepa Rebmann sayenera kudzudzulidwa kwambiri, chifukwa ngakhale kalembedwe ka lero sikasonyeza kusiyanaku. Makina oyamba ojambula mawu ndi kuwabwereza, kholo la galamafoni, adapangidwa ndi Thomas Edison mu 1877, chaka chomwecho chimene bukuli lidasindikizidwa, patapita zaka zoposa makumi awiri anthu awiri aja atayamba ntchito yawo. Motero mawu a Salimini adasungidwa, koma liwu lake lidapita ndi mphepo.

Chofooka chachisanu ndi kuchedwa. Zolemba za Rebmann zidakhala m'mapepala zaka zambiri. Iye adakhala ku East Africa zaka 29, nabwerera kwawo mu 1875 maso atachita khungu, ndipo adamwalira ku Korntal mu 1876 bukuli lisadatuluke. Amene adalikonza adali Krapf, ndipo amene adasanja zilembo m'makina adali anthu a ku Switzerland, kutali ndi mudzi uliwonse woyankhula Chichewa. Makina osindikizira ali ndi khalidwe limodzi: amachulukitsa chimene apatsidwa, chabwino ndi cholakwika chomwe, ndipo cholakwika chikasindikizidwa chimaoneka chaulemu ngati choona. Kuwonjezera apo, pamene bukuli linkatuluka n'kuti amishonale a ku Scotland atafika kale, a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876. Iwowa adayamba kulemba okha kuchokera kwa anthu amene ankakhala nawo. Alexander Riddel adatulutsa buku la malamulo a Chinyanja mu 1880, David Clement Scott mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892, ndipo Robert Laws wa Chingerezi ndi Chinyanja mu 1894. Kalembedwe ka lero kadaphuka kuchokera ku ntchito za m'dziko momwemo, pamene ka Rebmann kadatsala m'buku lake.

Dzina losowa pachikuto

Rebmann ayenera kuyamikiridwa chifukwa sadambise mnzakeyo. M'mawu otsogolera adafotokoza za Salimini ndi kumene adachokera, chinthu chimene alembi ambiri a nthawi imeneyo sankachita. Komabe pachikuto, pamene dziko limayang'ana likafuna kudziwa mwini ntchito, dzina la Salimini palibe. Funso loyenera kufunsa ndi ili: pa anthu awiriwa, ndani amene ntchitoyi sikadatheka popanda iye? Popanda Rebmann, mawuwo sakadalembedwa mu 1853. Popanda Salimini, sipakadakhala cholemba n'chimodzi chomwe. Mmodzi adabweretsa cholembera, luso losanja mawu ndi kuleza mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Winayo adabweretsa chiyankhulo chonse. Mwambo wa mabuku udapereka ulemu kwa wogwira chipangizo, nusiya mwini chuma m'mawu otsogolera.

Mchitidwe umenewu sudathere ku Kisulutini. Mateke amadziwika kudzera m'buku la Koelle. Buku lija la mu 1937, A Grammar of Chichewa, lidalembedwa ndi Mark Hanna Watkins, katswiri wachikuda wa ku America, ndipo amene adamupatsa mawu adali wophunzira wa pa yunivesite ya Chicago, Hastings Kamuzu Banda, amene pambuyo pake adadzakhala mtsogoleri wa dziko la Malawi. Katatu konse Chichewa chidalembedwa kutsidya kwa nyanja, mwini wake ali woyankha mafunso. Zinthu zidayamba kusintha pamene eni ake adagwira okha cholembera, monga adachitira Samuel Josia Ntara amene buku lake la Nthondo lidatuluka mu 1933. Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, koma Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wolongosola mawu m'chiyankhulo chomwecho popanda kudzera m'Chingerezi, udatuluka m'chaka cha 2000 kuchokera ku Centre for Language Studies. Kuchokera pa buku la Rebmann kufika pamenepo padapita zaka 123.

Phunziro pa makina a lero

Wina angafunse kuti buku lakale chotere, lovuta kuwerenga ndiponso losowa m'masukulu, lili ndi ntchito yanji kwa wophunzira wa masiku a kompyuta ndi foni za m'manja. Yankho lake n'lakuti mavuto amene ali m'bukuli sadathe, angosintha malaya. Mu 2014 kampani ya Google idawonjezera Chichewa pa ziyankhulo zimene makina ake amamasulira. Makina oterewa saphunzira pabwalo kapena pamtondo. Amaphunzira poyerekeza zolembedwa zambirimbiri zimene anthu adaziyika pa intaneti, ndipo amabweza zimene adyetsedwa. Ngati zolembedwazo zili zochepa, zochokera kwa anthu a mtundu umodzi wa ntchito, kapena zomasuliridwa mothamanga kuchokera ku Chingerezi, makinawo amakhala ngati Rebmann wokhala ndi Salimini mmodzi. Amadziwa Chichewa cha nkhani zimene ena adaona kuti n'zofunika kulemba, ndipo amapunthwa akakumana ndi mwambi, nthabwala kapena mawu a kudambwe ndi kudimba. Akaona liwu lakuti mtengo, alibe khutu lomvera ngati akunena za nkhalango kapena za msika, koma amangodalira mawu oyandikana nalo. Choopsa n'chakuti makina a lero amachulukitsa cholakwika mofulumira kuposa makina a ku St. Chrischona, ndipo wophunzira waulesi akhoza kukhulupirira foni kuposa agogo ake.

Sikungakhale kwanzeru kunena kuti ntchito za alendo zitayidwe. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Rebmann kadasungira Achewa chinthu chimene panthawiyo padalibe wina wochisunga. Chimene bukuli likuphunzitsa n'chakuti chipangizo chilichonse, kaya ndi cholembera, makina osindikizira kapena kompyuta, chimafuna mwini chiyankhulo pa malo atatu: popereka mawu, powalemba, ndi pokonza zimene zalembedwa. Ku Kisulutini mwini chiyankhulo adaloledwa pa malo oyamba okha, ndipo zofooka zambiri za bukuli zidabadwira pa malo awiri otsalawo.

Pomaliza, Dictionary of the Kiniassa Language si buku lophunziriramo kalembedwe, ndipo wophunzira amene angatsate malembo ake pamayeso adzalephera. Ndi buku la umboni, ndipo pa ntchito imeneyo palibe lina lolowa m'malo mwake. Njira yabwino yoliwerengera ndi yotchula mawu ake mokweza, kubwezera t pamene padalembedwa d ndi p pamene padalembedwa b, mpaka khutu lizindikire liwu lodziwika. Wowerenga akatero amapeza kuti pansi pa zilembo za Mjeremani pali Chichewa cha ku Lilongwe cha zaka za m'ma 1840, chonenedwa ndi munthu amene adalandidwa mudzi, abale ndi ufulu, koma sadaiwale dzina la mtengo wa kamphoni. Ntchito yoliwerenga motero, ndi yolemba mawu amene Salimini sadafunsidwe, ikudikira eni ake a chiyankhulo.